Gawo la Kambalame

Lero ndatsegula botolo la uchi wakumudzi, ndipo kafungo kake ka utsi kandibwezera ku Wenya.

Asibweni, alongo awo a amayi, ankasekedwa chifukwa sankalima fodya ngati anzawo. Iwo ankakonda kutsata kambalame kamene kamalondolera anthu komwe kuli njuchi. Akafula uchi, ankakasiyira chisa chimodzi pamwala. "Nakonso kagwira ntchito," ankatero.

Tsiku limene ananditenga, kambalameko kanatiyendetsa mpaka miyendo kuwawa. Mumphako tinapezamo chisa chimodzi chokha, chaching'ono ngati chikhatho changa. Asibweni anachiika pamwala. Pomwepo njuchi inandiluma pachikope, ndipo ndinalira mokweza, diso linalo lili pauchi.

Anandiyang'ana, anayang'ana mumtengo, kenako anatola chisacho n'kundipatsa. Atatero anavula chipewa.

"Phepani, mnzanga," anauza kambalameko. "Mwanayu ndi wa mlongo wanga."

Kambalameko sikanachoke. Kanatera panthambi ya pamwamba pathu, kakuitanabe. Ululu unali utayamba kale kuchepa pamene ndinkalira muja. Ndinatafuna pang'onopang'ono, uchi ukutsikira kuchigongono, koma phula linakana kumezeka.