Amayi Anasankha Kumbuyo

Agogo aamuna atamwalira anasiya nyumba ya njerwa zootcha pa Nsaru, m'mphepete mwa msewu wopita kumsika. Kumaso kunali chipinda chachikulu chimene ankagulitsiramo mchere ndi sopo, kumbuyo kunali zipinda zogona, khitchini ndi chitsime. Ana anali awiri okha, amayi anga ndi mlongo wawo wamng'ono, ndipo agogo ananena pamaso pa abale kuti nyumbayo ndi ya onse awiri.

Kwa zaka zambiri panalibe nkhani. Amalume ankagwira ntchito m'tauni, amayi ndiwo ankakhalamo. Bambo atatisiya, amayi anasandutsa chipinda cha kumaso chija kukhala tiyirumu, ndipo masikono a mmenemo ndiwo anandiphunzitsa sukulu mpaka ndinakhala mphunzitsi.

Ntchito ya amalume itatha, anabwera ndi munthu wogulitsa feteleza amene ankafuna kugula nyumba yonse. Amayi anakana. Abale anakhalirana pansi, akuluakulu a kutchalitchi nawonso anayesa, koma zinakanika. Mapeto ake amalume anakasuma kukhoti.

Ine ndinachoka ku Kabudula, kumene ndinkaphunzitsa, mtima uli m'mwamba. Ndinawauza amayi kuti akalimbe, akanene kuti nyumba ndi yawo chifukwa ndiwo anasintha malata ndi kumata ming'alu zaka zonsezo. Anandimvetsera akukanda ufa, kenako anati, "Agogo ako anati ndi ya awiri. Ndikakanena kuti ndi yanga ndekha, ndiye kuti ndikunamizira wakufa."

Ndinachita mantha, chifukwa amayi sanali munthu wolankhula pagulu. Ngakhale kumphakati akawapempha kuti atsogolere pemphero ankayang'ana pansi.

Tsiku la mlandu amalume analankhula nthawi yaitali, akusakaniza ndi Chingerezi. Oweruza, mayi wachikulire wa magalasi, anafotokoza modekha kuti mmodzi sangagulitse nyumba popanda mnzake, komanso mmodzi sangamangirire mnzake mpaka kalekale. Anati akalephera kugwirizana, khoti likhoza kulamula kuti nyumba igulitsidwe, agawane. Ndinaona amalume akumwetulira.

Amayi anaimirira, namanga bwino chitenje. Kenako anati:

"Mlongo wangayu sakulakwa kufuna gawo lake, ali ndi ana. Koma ine kwina kopita ndilibe. Nyumbayi iduleni pakati. Iye atenge kumaso, kumsewu, kumene ogula akukufuna. Ine mundisiyire kumbuyo."

Ndinafuna kuwakoka chitenje. Kumaso ndiko kunali tiyirumu, ndiko tinkadyera. Oweruza anawafunsa ngati akudziwa kuti akutaya mbali yabwino. Amayi anati akudziwa, koma anapempha chinthu chimodzi: m'mbali mwa nyumba musiyidwe kanjira kochokera kumsewu, ndipo zilembedwe, kuti aliyense wodzagula kumaso asadzakatseke. Oweruza anavula magalasi n'kuwayang'ana, kenako anatembenukira kwa amalume. Amalume anavomera ndi mawu otsika, maso ali pansi.

Anthu oyeza malo anabwera, mmisiri anatseka chitseko chapakati ndi njerwa, ndipo amalume anagulitsa mbali yawo. Pa Nsaru anthu analankhula. Ena ankati amayi apusa, ena ankati anawopsezedwa. Inenso ndinakhala masabata osapitako, nditakwiya.

Nditapita ndinapeza amayi atamanga chisakasa cha udzu pabwalo la kumbuyo, ataikamo mabenchi akale a mutiyirumu. Makasitomala anachepa ndithu, sindinganame, ndipo chaka choyamba chinali chowawa. Koma anyamata a kabaza anazolowera kanjira kaja chifukwa njinga zawo zinkakhala mumpanda, ndipo azimayi ogulitsa mtedza ankabwera kudzasamba m'manja pachitsime asanamwe tiyi. Kumbuyoko kunalibenso fumbi la maminibasi.

Amalume anagula munda cha ku Mpingu. Kwa nthawi yaitali sanaponde kwathu. Tsiku lina la msika, ine ndilipo, analowa m'kanjira kaja atanyamula thumba la mtedza pamapewa. Analitula pakhomo la khitchini, nakakhala pabenchi pakati pa makasitomala ngati mlendo. Amayi anawaona, napitiriza kutsuka makapu. Atamaliza anawathirira tiyi wamkaka n'kuwaikira masikono pambale.

"Achemwali, mtedza wake ndi wa chaka chino," anatero amalume.

Amayi anatsegula thumba, natswa umodzi n'kulawa. Anati sunaume bwino, auyanike kaye kuseri kwa khitchini usanachite nkhungu. Amalume anavula jekete, napempha mphasa, ndipo anakhala akuuyanika mpaka msika unatha.