Ndinafufuta Mizere Iwiri M'kompyuta, Mayi Wosalakwa Anathyoka Nsagwada

Inu owerenga, ku Mbungo, pachilumba cha Likoma, kuli mayi wina amene mpaka lero satha kutafuna chinangwa chootcha, ndipo wochititsa ndine. Sindinamukhudze ndi dzanja langa ayi. Koma ndikanatha kuletsa zonse ndi mawu ochepa chabe, ine n'kusankha kunama.

Mu 2006 ndinabwerera kwathu ku Likoma kuchokera ku Joni, kumene ndinkagwira ntchito yokonza makompyuta. Ndinabwera ndi kamera, kompyuta yakale, ndi kachipangizo kolowetsa m'kati mwa kompyutamo, kamene kamatenga vidiyo ya pa kaseti n'kuipanikiza kuti ikwane pa chimbale. Ndinatsegula kashopu ku Chipyela n'kuyamba kujambula maukwati ndi maubatizo.

Kachipangizoka sikagwira ntchito pakokha. Pali pulogalamu ina yaing'ono yotchedwa dalaiva, imene imakagawira malo m'memori ya kompyuta. Malowo ali ngati mbale zingapo zoyenda pamzere. Chithunzi chilichonse chimalowa m'mbale yake, chikapanikizidwa mbaleyo imatsukidwa n'kubwerera kukalandira china. Memori yanga inali yochepa, ntchito inkachedwa, ndipo nthawi zambiri magetsi ankazima ndisanamalize. Ndiye ndinatsegula dalaiva uja n'kufufutamo mizere iwiri: wolamula kutsuka mbale, ndi wolamula kudikira kuti chithunzi chatsopano chithe kulowa chonse. Ntchito inayamba kuthamanga, ine n'kumadziona katswiri.

Chenjezo ndinaliona. Pa vidiyo ya ubatizo wina, pangodya panatulukira bwato la pa kaseti ina kwa kanthawi kochepa. Ndinati n'zazing'ono, palibe angazindikire.

M'mawa wina kunabwera Armando, wamalonda a nsalu wochokera kutsidya ku Mozambique. Pa kaseti yake anadzijambulitsa ali chigonere pabedi m'nyumba ya alendo, wopanda malaya, akuseka. Nditamaliza yakeyo, ndinalowetsa kaseti ya ukwati wa ku Mbungo osazimitsa kompyuta. Chimbale chitatuluka ndinangopereka kwa eni ake osachioneranso.

Loweruka masana achibale anasonkhana m'nyumba yoonetsera vidiyo ku Chipyela, ine ndili pomwepo kudikira kutamandidwa. Panaoneka a Agnesi, mkazi wa msodzi wina dzina lake a Barnaba, akuvina. Mwadzidzidzi chithunzi chinaima n'kugawika pakati. Mbali ina a Agnesi akumwetulira atapendeketsa mutu, mbali inayo Armando pabedi paja, dzanja lake litatambasukira kwa iwo. Ndinazindikira nthawi yomweyo kuti ndi zotsalira m'mbale yosatsuka. Anthu anakuwa kuti abwereze, ndipo anabwereza katatu konse.

Aliyense ankadziwa kuti a Agnesi ankagula nsalu kwa Armando. A Barnaba anatembenukira kwa ine, maso ali psu, nandifunsa kuti, “Iwe wojambula, kodi kamera imanama?”

Abale anga, ndinaganiza za shopu yanga, ndinaganiza kuti ndikavomera palibenso adzandipatse ukwati wake. Ndinayankha kuti kamera imajambula zimene yaona.

A Barnaba anagwira mkazi wawo tsitsi n'kumukokera panja pamiyala. Anamumenya zibakera kumaso, atagwa anamuponda m'mimba. Mayiyo ankangolira kuti sakudziwa kanthu. Kenako a Barnaba anatola nkhafi imene wina anatsamiritsa pakhoma n'kumukantha nayo pachibwano. Phokoso la fupa lija ndimalimvabe. Magazi anayenderera pa diresi lomwe anavala tsiku la ukwati lija, mano awiri ali pamchenga. Azimayi atayesa kuleretsa, nawonso anakankhidwira pansi.

Alongo awo a Agnesi awiri anafika akuthamanga kuchokera kumsika. Wamkulu anatema a Barnaba ndi chikwanje pamkono mpaka fupa linaonekera. Pamene izi zinkachitika, asodzi anzawo a Barnaba anakapeza Armando kudoko akupakira katundu. Anamumenya ndi matabwa, namuthyola nthiti, nsalu zake n'kuziponya m'madzi. Munthuyo sankadziwa n'komwe chimene akumenyedwera. Ine ndinaimirira pakhomo, manja m'thumba.

Masiku atatu ndinakhala osadya bwino. Tsiku lachinayi ndinaitana alongo aja ndi akuluakulu awiri a kumpingo kushopu kwanga. Ndinalowetsa kaseti ya Armando, kenako ya ukwati, monga ndinachitira poyamba. Ulendo uno pambali pa bedi lija panatulukira nkhope ya mmodzi wa akuluakulu omwewo, amene analinso paukwatipo. Ndinawafotokozera za mizere iwiri ija, ndiponso kuti ndinadziwa kuyambira tsiku lomwe lija.

Mlongo wamng'ono anandilumphira. Anandimenya ndi mutu pamphuno, nandigwetsa, nandiponda dzanja mpaka zala ziwiri zinathyoka. Kompyuta anaitulutsa panja n'kuiphwanya ndi mwala. Sindinakadandaule kulikonse.

Nditapita kuchipatala kukapepesa, ndinapeza a Agnesi atamangidwa nsagwada ndi waya. Anayankhula mano ali chilumire, movutikira kwambiri. “Munali pomwepo, achimwene. Anakufunsani.” Kenako anatembenukira kukhoma.

A Barnaba ndi mlamu wawo wachikwanje uja anakakhala kundende. Banja linatha, ana anagawanika. Armando sanapondenso pachilumba pano. Chopweteka n'chakuti alipo ena amene amanenabe kuti a Agnesi anachitadi, chifukwa anaona ndi maso awo, ndipo zimene ndinafotokoza mochedwa zija sanazimve.

Inu amene mumagwira ntchito ndi makina, musachotse chinthu chimene simunamvetse chifukwa chake anachiikapo, ngakhale chikuchedwetseni bwanji. Mukaona kachilema kakang'ono, imani mukonze. Inu amuna, chithunzi si umboni woti mukwezere dzanja pa munthu. Koma koposa zonse, mukalakwitsa ndipo wina wakufunsani pagulu, vomerani pomwepo. Manyazi anga akanatha m'mwezi umodzi. Ine ndinadikira masiku atatu, ndipo pofika tsikulo panalibenso choti ndipulumutse.