Mdima Umene Asekuru Anapita Kukauchingamira

Fungo la mwaye wa koloboyi likandipeza, ngakhale lero pamene nyumba yanga ya pa Mzimba Boma ili ndi magetsi, ndimaona asekuru anga, agogo obereka bambo anga, a Moyo, atakhala pampando wachikopa pakhonde, nkhope ataitukula ngati munthu womvetsera mvula imene ikali kutali, ine nditagwada pambali pawo ndikuyendetsa chibenthu cha galasi pamwamba pa lawi kuti chide. Kunali kwathu kufupi ndi Embangweni, pakati pa dzinja, chimanga chitatulutsa ngaiyaye, ng'ombe zikulira m'khola lodzaza matope, utsi wa nkhuni zonyowa ukukwawa pabwalo osafuna kukwera kumwamba.

"Chada, NyaMoyo?" anandifunsa. Ankanditchula ndi chiwongo ngati mayi wamkulu, chonsecho ndinali mtsikana wa Sitandade 7.

"Chada, asekuru."

"Mbwenu detsa chinanso. Paulendo galasi limasweka."

Iwo ankalankhula Chitumbuka, koma mawu awo ndawaika m'Chichewa kuti ambiri amve. Ndinenenso msanga kuti galasi lodetsedwa ndi utsi siliteteza maso poyang'ana dzuwa; izi tinazidziwa pambuyo pake, ndipo wina asadzatengere ife.

Ndalemba nkhaniyi chifukwa cha bodza. Kwathuko, nthawi iliyonse imene wailesi yalengeza za kadamsana, amayi amakokera ana m'nyumba n'kumati, "Usayang'ane dzuwa, ungafe maso ngati a Moyo." Ena amawonjezera kuti mkuluyo anapita ku Tanzania kukafuna mankhwala a maso kwa sing'anga amene ankachiritsa dzuwa likada. Mdzukulu wa mchimwene wanga anandifotokozera zimenezi ine mwini wake, pamaliro, mosakayika konse. Onse onena zimenezi panalibepo. Ine ndinalipo, ndipo ndodo ya asekuru ndinkaigwira ndine.

Maso a asekuru sanaphedwe ndi kadamsana. Anaphimbidwa ndi ng'ala pang'onopang'ono, ine ndisanayambe n'komwe sukulu. Pofika nthawi imene ndikunenayi sankazindikiranso nkhope ya munthu, ngakhale mtundu wa ng'ombe zawo zimene kale ankazitchula imodziimodzi. Chimene chinawatsalira chinali chimodzi: ankasiyanitsa kuwala ndi mdima. Ankadziwa pamene pali khomo, ankadziwa munthu akaima pakati pa iwo ndi dzuwa, ndipo mtambo ukamadutsa ankanena tisanaone ife kuti tichotse mphale pamphasa.

Ali mnyamata anagwirapo ntchito ku Tanganyika, poyamba m'minda ya khonje, kenako kunjanji. Anabwerako ndi Chiswahili ndi chizolowezi chomvera wailesi ya kumeneko, imene masiku amenewo munthu ankaitsegula motsitsa, atayamba waonetsetsa kuti panjira sipakudutsa wina. Pawailesi imeneyo ndi pamene anamva kuti mwezi udzaphimba dzuwa lonse masana, ndi kuti mdima wathunthu udzadutsa kupitirira Mbeya, chakumpoto. Kuno kwathu dzuwa likanangolumidwa mbali. Anamvanso kuti munthu akamasendera kumpoto, gawo lophimbidwa limanka likukula.

Kuyambira tsiku limenelo pakhonde pathu panasanduka pokwerera basi. Ine ndikusenda chinangwa kapena ndikutsuka mikaka m'zipanda, iwo ankayala ulendo wonse pakamwa, malo ndi malo, monga anauyendera kale: pamene tidzagone, pamene madzi ake ndi oipa, phiri limene galimoto zimalira ngati ng'ombe yobereka, ndi mawu aulemu oyankhula kwa asilikali a pamalire. Anauza amayi anga kuti akazinge chimanga ndi mtedza. Anatulutsa jekete lawo lakuda n'kundituma kuti ndiliyanike lichoke fungo la m'bokosi.

Adada anga, mwana wawo woyamba, anali mphunzitsi, munthu wodekha ndi wolingalira bwino. Analekerera zimenezi kwa kanthawi poganiza kuti ndi zocheza za ukalamba. Ataona jekete pachingwe, anabwera kudzakhala pansi pafupi ndi mpando uja.

"Adada, tiyeni tikambe zoona. Pasipoti mulibe. Kumalire kuja masiku ano sikopitako mwamasewera. Misewu yaduka ndi mvula. Ndiponso, pepani kunena, mukukaona chiyani?"

Ine ndinaleka kusenda, ndipo asekuru anayankha.

"Wafunsa bwino, mwana wanga. Pa ukwati wa mlongo wako ndinamva nthungululu, mkwatibwi sindinamuone. Ng'ombe yanga yofiira itabereka munachita kundiuza kuti thole lafanana ndi make. Ingoma ikamavinidwa ndimamva fumbi lokha m'mphuno. Chilichonse pamudzi pano ndimachita kuuzidwa. Tsono Chiuta wakonza chinthu chimodzi chopangidwa ndi kuwala ndi mdima basi, zinthu ziwiri zimene anandisiyira. Chimenechi sindifuna kuuzidwa. Ndikufuna ndikachione ndekha, pamodzi ndi anthu, maso asanatsekeretu."

Adada anaweramitsa mutu, koma sanalole. Anati mdima wa kuno ukwanira. Asekuru anayankha kuti munthu wanjala samulozera fupa pamene akudziwa mudzi umene aphako ng'ombe.

Apa ndi pamene ndinaona nzeru zawo. Sanakanganenso ndi adada. Anatumiza mawu kwa a Kamwendo, mwamuna wa azakhali anga, munthu wa ku Dedza amene ankayendetsa lole ya matabwa ku Chikangawa ndipo nthawi zina ankapita nawo ku Karonga. Kwathu mkamwini sakana pempho la apongozi ake aamuna. Mwana wobereka angatsutse, koma wokwatira pakhomo amangoti yewo. A Kamwendo anafika Lamulungu, anakhala patali monga mwa ulemu, chipewa chili pabondo, ndipo anamvetsera ulendo wonse kuyambira pakhonde mpaka ku Mbeya.

"Bambo, ine matabwa ndimatsitsa pa Karonga," anatero mwamantha. "Kupitirira apo galimoto si yanga."

"Pa Karonga ndi kumpoto kwa pano kapena kumwera?"

"Kumpoto, bambo."

"Mbwenu tapangana. Kwinako asilikali a pamalire ndikayankhula nawo ndekha."

A Kamwendo anayang'ana adada ngati munthu womira amene akufuna chingwe. Adada anaseka koyamba m'masabata amenewo n'kunena kuti, "Alamu, mwagwidwa. Ine ndakana, inu kanani tione." Pamapeto pake adada analola, koma anaika lamulo lakuti malire tisawoloke, ndipo ine ndipite nawo kuti ndikhale maso awo. Ngati asekuru ankakhulupiriradi kuti akanyengerera asilikali ndi Chiswahili chawo, sindikudziwa mpaka lero, ndipo sindidzanena chimene sindikuchidziwa.

Tinapita pa Boma pangolo, kenako pabasi mpaka ku Chikangawa, kumene mphepo yake inali yozizira ndi yonunkhira utomoni wa paini. Mu lole asekuru anakhala pafupi ndi zenera, ine pakati, kathumba ka magalasi aja kali pamiyendo panga. Njira yonse ankandifunsa, osati za mapiri kapena midzi, koma za kumwamba. "Mitambo ili wuli?" Ine ndinkayankha zoona: inali yambiri, ndipo inkachulukirabe. Mvula inatipeza tisanafike ku Mzuzu, ndipo sinatisiye.

Ku Karonga sitinafikeko. Ichi ndi china chimene onena za sing'anga wa ku Tanzania ayenera kumva. Titadutsa mphambano ya ku Rumphi, patsogolo ndithu, tinapeza mtsinje utasefukira pamsewu, madzi ofiira akugubuduza mitengo, galimoto zitandandalika tsidya lino ndi tsidya lina. Tinagona pomwepo. Kutacha, limene linali tsiku la kadamsanalo, madzi anali asanaphwe, ndipo thambo lonse linali lotuwa ngati bulangeti la kuchipatala, popanda ngakhale kabowo koonetsa pamene dzuwa lili.

Ndinalira. Ndinalira chifukwa cha magalasi anga amene ndinawadetsa mosamala, komanso chifukwa ndinaona kuti nkhalamba yavutika pachabe. A Kamwendo ankangozungulira lole akupepesa, ngati kuti mvula anaigwetsa ndi iwo. Asekuru anapempha madzi, anasamba kumaso, anavala jekete lawo lakuda, n'kundiuza kuti ndiwatsogolere pamalo opanda mtengo. Ndinawakhazika pathabwa m'mbali mwa msewu, ndipo anatukula nkhope.

Apaulendo anzathu anayamba kutizungulira. Panali mayi wina wogulitsa usipa, wamawu omveka ngati belu, amene anafunsa a Kamwendo chimene mkuluyu ankadikira. Atauzidwa, anaomba m'manja.

"Asekuru, ise tamaso tikuona mitambo pera. Imwe muonengechi? Kapena mwabisa maso ena m'thumba la jekete?"

"Khalani pansi, mama," anatero asekuru. "Mukundiimira kudzuwa. Ndiponso usipa wanuwo ndauona kale ndi mphuno."

Anthu anaseka, mayiyo anasekanso, ndipo anakhaladi pansi pafupi nafe.

Tinadikira. Madalaivala ankakambirana za madzi, ana ankaponya miyala mumtsinje, ndipo ambiri anaiwala za kumwamba. Dzuwa liyenera kuti linali litakwera ndithu pamene asekuru anandigwira dzanja.

"Mdima wayamba."

Ndinayang'ana uku ndi uku, koma sindinaone kusintha kulikonse. Mayi wa usipa anati mwina ndi mtambo wina wokhuthala.

"Yayi. Mtambo umabwera ndi mbali, umadutsa. Uwu ukutsika ponseponse, ngati munthu akupungula mafuta mu nyali."

Patapita kanthawi tonse tinauona. Kuwala kunafooka, kunasanduka kwachilendo, kosakhala kwa m'mawa kapena kwa madzulo. Masamba anataya kubiriwira kwawo, madzi ofiira aja anada, nkhope za anthu zinatuwa. Kamphepo kozizira kanadutsa. Ana analeka kuponya miyala. Bambo wina anavula chipewa n'kuyamba pemphero chapansipansi. Popeza dzuwa lenilenilo linali lobisika, panalibe woloza chala kapena wokweza galasi. Tonse tinangokhala m'kuwala kumene kunali kutha, ndipo amene ankatiuza za kayendedwe kake anali asekuru.

"Ukupitirira. Ukupitirirabe. Apa waima. NyaMoyo, undiuze zoona. Nyenyezi zatuluka?"

"Ayi, asekuru. Kuli mitambo."

"Kwada ngati usiku?"

"Ayi. Kwada ngati mvula yaikulu ikamabwera, koma mosiyana."

"Ndi mmene ndikuonera inenso." Anatembenukira kumene kunali mayi uja. "Mama, inu mwaona china choposa apa?"

"Palije, asekuru. Chimene mwaona ndicho taona."

"Akweni, nanga inu?" asekuru anafunsa mkamwini wawo.

"Chomwecho, bambo," anayankha a Kamwendo. "Ndipo inu munayamba kuona ife tisanaone."

Asekuru anaseka. Sikunali kuseka kwa pakhonde kumene ndinakuzolowera, kwa munthu wosekera nkhani ya ena. Kunachokera pansi pamimba, mpaka misozi inatsika kuchokera m'maso oyera aja n'kulowa m'ndevu. Anakhala choncho, nkhope ili kumwamba, kufikira kuwala kunabwerera konse, ndipo anatiuzanso za kubwerera kwake sitepe ndi sitepe. Atatha anati, "Wathunthu sindinaupeze. Koma lero palibe wandiuza kanthu."

Madzi ataphwa, a Kamwendo anafunsa ngati tipitirire ku Karonga. Asekuru anati matabwa apitirire, koma ife tikwere galimoto yobwerera, pakuti mwana akujomba kusukulu. Titafika kumudzi, adada anatichingamira kumsewu. Sanafunse mwachipongwe, anafunsa ngati munthu amene akufunadi kudziwa, chifukwa kwathu tsiku la kadamsanalo kunagwa mvula yamphamvu ndipo anthu anali m'nyumba. Madzulo ake asanafike, bwalo linadzaza. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, anthu amaso anakhala pansi kuti a Moyo awafotokozere chimene anaona.

Chaka chotsatira kuwala kotsala kuja kunazima, monga ng'ala imachitira ikakhwima. Apa ndi pamene bodza linamera, chifukwa anthu analumikiza ulendo ndi khungu. Iwo sanadandaule, ndipo sanakhalitse pambuyo pake.

Ine ndinapitiriza sukulu mpaka kusekondale, ndinaphunzira za kayendedwe ka mwezi ndi dziko, ndipo ndinaziphunzitsa kwa ana ambiri. Koma mdima wathunthu sindinauonebe. Pamene unadutsa ku Zambia ndinali kudwazika amuna anga, ndipo sindinong'oneza bondo kuti ndinakhala. Tsopano akuti wina udzadutsa kumwera, cha ku Botswana, zaka zochepa zikubwerazi. Pasipoti ndatenga, njira ya basi ndaifunsa, ndipo mdzukulu wanga wamkazi wavomera kudzandiperekeza. Diso langa lakumanzere layamba chifunga. Adokotala akuti ndi ng'ala ndipo masiku ano amaichotsa mosavuta. Ndidzapita kuti akaichotse. Komabe ana anga ndawasonkhanitsa ndi kuwauza momveka bwino, kuti pasadzakhale wonena zina: opaleshoniyo ikadzalephera, ulendo usadzalephereke. Adzandikhazike pamalo opanda mtengo, ndipo wina asadzandiimire kudzuwa.