Maliboni pa Koyilo

Galimoto yanga ndi yakale, koma musaiyerekeze ndi zitsulo zinazi. Ndinaigula kwa bwana wina wa ku esiteti ya tiyi pamene ankabwerera kwawo. Ilibe kabureta, petulo imachita kumupopera yokha mu injini ngati jakisoni. Ndiye mdzukulu wanga wamkazi atapeza banja, ndinaimirira pamsonkhano wa ukwati n'kunena mokweza kuti mkwatibwi akwera yanga kuchoka kwathu ku Thuchila mpaka kutchalitchi. Akuchimuna anati ali ndi yawo yatsopano. Ndinati imeneyo inyamule makeke.

Tsiku la ukwatilo kunacha ndi chiperoni, phiri osaoneka. Amayi a komiti anali atalawirira kukongoletsa galimoto. Maliboni oyera ndi apinki anapingasa paboneti, maluwa pakati. Ndinavala suti, kukhala pampando, kupotokola kiyi. Injini inangozungulira, osalira.

Ndinatuluka, kuizungulira, kulowanso. Batire inali ndi mphamvu. Ndinatchera khutu chakumbuyo, pampu ya petulo ikulira monga mwa masiku onse. Ndiye kuti vuto ndi moto.

"Nditsegule boneti," ndinatero.

Wapampando wa komiti anaima kutsogolo kwa galimoto, manja ali m'chiuno. "Ayi abambo, tavutika nazo izi. Anthu akankhe basi, ilira."

Anakankha mpaka pachitsime, n'kubwerera nayo. Zii. Galimoto imeneyi ikasowa moto, ngakhale mudzi wonse ukankhe mpaka pa Chitakale singalire. Uku ya akuchimuna yafika, yaima pamsewu, hutala ikulira. Amalume ake a mkwati anatsitsa galasi.

"Madala, tipatseni mwanayo akwere kuno. Chimenecho muzisungiramo nkhuku!"

Mdzukulu wanga anasuzumira pakhomo atavala kale velo. "Agogo, abusatu sadikira."

"Khala momwemo! Ukwera ino iwe."

Ndinavula jekete n'kutsegula boneti. Maliboni anaduka, amayi aja anakuwa ngati ndapha munthu. Ndinamasula pulagi imodzi, kuigunditsa pachitsulo cha injini, n'kuuza akazi anga kuti apotokole kiyi. Panalibe ndi kamoto komwe. Ndinatsegula chivundikiro cha disitibyuta poganiza kuti chinyontho chalowamo, kupukuta ndi mpango. Palibe. Ndinatsata waya wamkulu mpaka pakoyilo, pamene pamachokera motowo.

Apo ndiye ndinaona. Kani amayi aja anatsegula boneti ine ndikusamba, kusaka pomangirira nsonga za maliboni. Anapeza timawaya tiwiri ta pakoyilo, kumangapo mfundo, n'kukoka kuti liboni liwongoke. Tonse tiwiri tinazuka, tinkangolendewera.

"Wamanga apa ndani?"

"Nanga tikanamanga pati? Pena ponse m'pamafuta okhaokha," anayankha wapampando uja, osachita ndi manyazi omwe.

Timawaya timeneti sitisinthanitsidwa. Kena kamabweretsa magetsi kuchokera ku kiyi, kena kamapita kukabokosi kamene kamalamula moto. Pakoyilo pali tizilembo, koma ine ndi zilembo sitimwerana madzi. Kalekale ndinakanda ndi msomali mbali yolowa waya wa ku kiyi, wayayo n'kumupaka penti yofiira. Ndinabwezeretsa kalikonse pamalo pake, n'kupana timitu take ndi pulayala kuti tigwire.

"Potokolani, amayi!" ndinakuwira akazi anga.

Waya wa pulagi ndinali nditamugwira ndi dzanja lonyowa. Moto unandimenya mpaka m'mano, ndinatulutsa mawu osayenera tsiku la ukwati. Koma unali moto, wabuluu weniweni! Ndinabwezera pulagi, injini inalira, nkhuku zinabalalika pabwalo.

Mdzukulu wanga anatuluka. Anayang'ana ya akuchimuna yonyezimira ija, kenako yanga yopanda liboni ndi limodzi lomwe. Anakwinya diresi n'kulowa kumbuyo kwa yanga.

"Agogo, malaya anu ali bii."

"Jekete ibisa. Tseka chitsekocho mwamphamvu, chimavuta."

Amalume a mkwati aja anatitsatira pambuyo njira yonse, atanyamula makeke.