Malemu Akumwa Khofi

Ku Wolverhampton kuno ndinabwera kudzathandiza mwana wanga wamkazi, nesi pachipatala chachikulu, kulera mwana wake. Mwanayo pano ndi mtsikana wa ku sekondale, wamtali kundiposa, ndipo ukamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, maso ali pafoni.

Ine sindikhulupirira munthu. Wobweretsa mapaselo ndimayamba ndamusuzumira pakatani. Mzungu wa nyumba yoyandikana nafe amandimwetulira m'mawa uliwonse, ndipo mpaka lero sindinadziwe chimene akufuna. Mwina n'chifukwa chake ndinaikonda filimu ya apolisi ija yobwera pa TV sabata ndi sabata: m'menemo aliyense amanama, ndipo bodza lake limadzaululika. Wapolisi wamkulu ndi mayi wa tsitsi lofiira amene akufa amamuyendera n'kumuuza theka la nkhani. Ngakhale akufawo sindiwakhulupirira.

Chingerezi chawo n'chothamanga, chotulukira m'mphuno, ndiye mdzukulu wangayo ankandimasulira. Amayi ake ankatisungira filimuyo mu TV momwemo, ife n'kumaonera Lamlungu masana tikabwera kutchalitchi. Pa sabata yonse, nthawi imeneyo yokha ndi imene ndinkamva Chichewa chikutuluka m'kamwa mwake. Chopindika, inde. Mpeni ankati chodulira, mtembo ankati munthu wozizira. Koma chinali Chichewa, ndipo ankalankhula ndi ine.

Mawu ena ndinamuphunzitsa ndekha. Tsiku lina anatchula agogo ake aamuna ndi dzina lokhalokha ngati mnzake wa m'kalasi. Ndinamuuza kuti munthu akatisiya timayamba ndi kuti malemu. Anawagwiritsitsa mawuwo, moti aliyense wakufa mufilimu ankakhala malemu, ngakhale chigawenga.

Kuno filimu zotere amazidula pakati. Amati sizoni yatha, n'kukusiya m'malere miyezi ingapo, n'kudzayambiranso masamba akayamba kuyoyoka. M'miyezi yodikirayo mwana anayamba kukwera tiramu, kasitima ka m'tauni, Loweruka, akuti akupita ku Birmingham ndi anzake. Ndinkadzifunsa ngati adzakhalenso nane pa sofa. Tinapangana chinthu chimodzi: sizoni yatsopano ikadzayamba, wina asadzaonere yekha.

Lamlungu la episodi yoyamba anatsika yekha osaitanidwa, foni ataisiya kuchipinda. Ndinayamba kukayika pomwepo.

Kumasulira kwake kunali kosalala kwambiri. Anthu asanatseke pakamwa, iye wamaliza kale. Kenako ndinamva akuti, "Manje akapokola afika."

Manje? Akapokola? M'nyumba mwathu mulibe amene amatero, timati tsopano, timati apolisi. Amatero ndi azimayi a ku Zambia a kutchalitchi kwathu, amene abwera posachedwa kudzasamalira okalamba. Ndinangosunga mumtima.

Ndiye panaoneka mnyamata wachilendo wa jekete yachikopa, atatsamira galimoto, akumwa khofi.

"Ameneyo ndani?" ndinafunsa.

"Malemu ndi wapolisi watsopano, agogo."

Ndinamuyang'anitsitsa mnyamatayo. Ndinati mwina ndi mzukwa, poti mufilimu imeneyo akufa amayendayenda. Koma mizukwa yake amaiona ndi mayi wa tsitsi lofiira yekha, pomwe uyu anzake ankaseka naye, wina mpaka anamuponyera makiyi iye n'kuwawakha. Chakumapeto anamuwombera pamasitepe a nyumba ina. Ine mtima unachita phaa, koma mwana sanadzidzimuke. Ankayang'ana ine.

Ndinatenga rimoti n'kuimitsa.

"Iwe, munthu uja wafa liti?"

"Pompano, agogo."

"Nanga unamuika bwanji m'manda akadali kumwa khofi?"

"Agogo, seriously?"

"Usandiyankhe za seriyasi. Tinapangana chiyani?"

Chichewa chinathera pomwepo. Anayamba kuthamangitsa Chingerezi, ine n'kumatola apa ndi apo. Akuti dzulo lake anapita ku West Bromwich kwa anti ena a ku Zambia a kutchalitchi, anaonera nawo limodzi, akumaimitsa n'kumafunsa mawu, chifukwa watopa ndi kusekedwa akati munthu wozizira.

Zinamveka bwino, ndipo zomveka bwino ndi zimene ndimaziopa. Ndinati, "Ngati wanama pa filimu, ku Birmingham kumene umapita Loweruka n'kuti kwenikweni?"

Anaimirira n'kukwera masitepe. Chitseko sanamenyetse, anachitseka pang'onopang'ono, zimene zinandiwawa koposa.

Amayi ake atabwera ku shifiti anandipeza kukhitchini. "Amayi, mwana wakonzekera filimu ngati mayeso chifukwa cha inu, inu mwamutsegulira khoti?"

"Ndangofunsa."

"Inu kufunsa kwanu n'kumanga."

Sabata imeneyo tinkangopatsana moni basi. Lamlungu lotsatira, mapemphero atatha, ndinawakokera pambali anti aja pafupi ndi tebulo la tiyi.

"Ee amama, anabwera," anatero. "Tinatamba filimu ija pamodzi. Anandivutitsa maningi, mawu aliwonse ati mukamba bwanji, mukamba bwanji."

Ndinawafunsa kuti anavala chiyani, anadya chiyani, anachoka dzuwa lili pati. Zonse zinagwirizana. Za ma Loweruka ena sankadziwa, ndipo ine sindinazidziwe mpaka pano.

Masana ake ndinayatsa episodi yachiwiri ndekha. Milomo inkangoyenda. Ndinakweza volyumu, koma Chingerezi chikakwera sichimasanduka Chichewa. Mwana anali kukhitchini akuwotcha tositi, tositi yake yosapsa msanga, chitseko chili chotsegula.

Panabwera mayi wina atakhala m'chipinda cha apolisi, akulira popanda misozi.

"Wapha ndi uyu," ndinalankhula mokweza. "Mkazi wa malemu ameneyu. Amafuna nyumba."

Kenako mawu anachokera pakhomo la kukhitchini.

"Si mkazi wake, agogo. Ndi mlongo wake."

Sindinatembenuke. "Akuti chiyani?"

"Akuti anali kuntchito tsiku lonse."

"Akunama."

"Kaya. Iyi sindinaonere."

Anabwera n'kukhala pamkono wa sofa, mbale ili pabondo, ngati munthu amene akudutsa chabe. Wapolisi anafunsa china, mayi uja anayankha chachitali, mwana n'kukakamira pakati.

"Akuti ali ndi... agogo, alibi m'Chichewa ndi chiyani?"

"Ndi chiyani chimenecho?"

"Ngati munthu akunena kuti pamene zinkachitika iye kunalibe, ndipo pali wina anamuona kwina."

"Ndi mboni imeneyo."

"Ayi, mboni ndi munthu. Ichi si munthu."

"Ndiye ndi bodza lokonzeratu."

"Agogo, nthawi zina chimakhala choona!"

Anatsetsereka kuchoka pamkono paja n'kukhala pambali panga, anandilanda rimoti, n'kubweza filimu m'mbuyo kuti timvetsetse bwino zimene mayiyo ananena.