Mabuku Ovala Zidutswa

Azakhali anga ndi telala. Shopu yawo ndi ya chipinda chimodzi, ili pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni, ndipo mukalowa chimayamba kukulonjerani ndi fungo la mafuta a makina ndi la nsalu yopsa ndi simbi. Ndakhala nawo chimalizire sukulu, kudikira zotsatira za mayeso. Ndaona kuti nkhani yawo ndikapanda kuilemba ine, idzangotsala m'kamwa mwa anthu oseka okhaokha.

Sukulu anailekeza panjira, anakwatiwa ali aang'ono, koma kuwerenga sanakutaye. Buku loyamba lachikondi analipeza m'thumba la jekete limene munthu anabweretsa kuti alichepetse, osabweranso kudzalitenga. Analiwerenga mpaka ulusi kuthera m'makina iwo osadziwa. Kuyambira pamenepo akapita kogula mazipi ankadutsiranso kwa ogulitsa mabuku akale. Mabukuwo ankawasunga pashelefu ya kuseri kwa katani, poyesera zovala, malo amene mwamuna sapondako.

Ndiye amayi a mumsewu mwathu ankakonda kuyesa zovala modabwitsa. Diresi yokwana bwinobwino ankabwera nayo kuti yathina m'khwapa. Ine mabukuwo anandiletsa kuwagwira, koma makutu sanandiletse.

"Atelala, mwandipatsa chiyani ichi?" anatero tsiku lina akazi a abucha, mayi wonenepa wa mawu ngati wailesi. "Buku lonseli angogwirana dzanja basi? Mukundiyesa mwana wa kwaya?"

"Nanga mumafuna lotani, asisi?"

"Lotentha! Loti ndikamawerenga ndizicheukira kukhomo."

Ahedi a sukulu ya atsikana, mayi wa magalasi amene ngakhale agalu amamuopa, ankadana ndi mabuku a amuna olemera. Ankafuna mwamuna wosauka, wofatsa, wodziwa kukhoma shelefu. Mayi wina wamasiye ankayamba wafunsa ngati wina amwalira kumapeto, ndipo akamva kuti inde ankalibweza asanalitsegule. Azakhali zonsezi ankazidziwa monga adziwira chiuno cha aliyense popanda tepi.

Koma mnzawo wa pamtima anali anesi a pachipatala chaching'ono cha kumtunda. Anakulira limodzi, ankatchulana kuti achemwali, ndipo mwana woyamba wa anesi anabadwira m'manja mwa azakhali galimoto itachedwa. Anesi ndiwo ankawerenga otentha kwambiri, ndipo akabweza buku ankakhala pampando wa makasitomala n'kuvula nsapato.

"Amuna amayesa timangofuna masamba a kuchipinda," ndinawamva akutero.

"Simuwafuna, achemwali?"

"Ndimawafuna, ndisaname! Tsamba lina lija ndalipinda mpaka lang'ambika. Koma taonani mwamuna wa m'bukumu. Mkazi akamalankhula amamvetsera mpaka amalize. Wanga ndikangoti 'bambo a mwana', wafunsa kale komwe kuli masokosi."

Ankaseka mpaka misozi, azakhali atagwira mapini pakamwa.

Vuto la mabuku amenewa ndi zikuto zake. Pamakhala mwamuna wopanda malaya, mkazi atapendekera m'manja mwake ngati wakomoka. Buku lotero sungakwere nalo basi. Choncho azakhali ankawasokera zikuto za nsalu, kuchokera ku zidutswa zotsala akadula madiresi. Ndipo anali ndi kachitidwe kawo. Mayi akabweza buku maso akuwala, n'kupempha kuti alitengenso, bukulo linkavala chidutswa cha diresi yake. Unali ulemu, ndipo amayiwo ankachita kulimbirana. Anesi anali ndi nsalu yachikasu ya mbalame zobiriwira, imene anasoketsa diresi ya ukwati wa mlongo wawo. Nsalu imeneyo inakuta mabuku otentha okhaokha, mzere wathunthu, ndipo iwo ankanyadira.

Palibe anaganizapo kuti diresi imayenda mumsewu masana, aliyense akuiona.

Tsiku lake tinapita ndi azakhali kukagula ulusi ku mashopu aakulu. Kunali kutagwa mvula yamphamvu, ndipo amuna awo, amene ndimawatcha amalume, anatenga kiyi kuti akaone ngati makina sananyowe. Amalume ndi munthu wofatsa, wokonza njinga, ndipo chowerenga chawo ndi zotsatira za mpira basi. Anapeza denga ladontha pa shelefu penipeni. Anamva chisoni. Ananyamula mabuku onse n'kuwayanika pakhonde la shopu, lililonse atalitsegula bwinobwino kuti dzuwa lilowe, kenaka anabwerera ku njinga zawo.

Tikutsika basi tinamva phokoso la kuseka. Pakhonde panadzaza amuna. Wometa tsitsi anali atakwera pabenchi, buku m'manja, akuwerenga ndi mawu aang'ono achikazi, dzanja lina pachifuwa. Kasitomala wake anali pomwepo, mutu wometedwa theka.

"Imani kaye, amwene," anatero wokonza mafoni, akutembenuza buku lina. "Mbalame izi ndikuzidziwa ine. Si diresi ya anesi iyi?"

"Ndi yomweyo! Nanga ya mizere yofiirirayi?"

"Ahedi! Mayo ine, ahedi!"

Anayamba kusanja mabuku potsata nsalu, uku akutchula eni ake. Abucha anafika ndi epuloni yawo yamagazi, naona maluwa ofiira a diresi imene anagulira akazi awo. Iwo okha sanaseke.

Azakhali anaima chilili, jumbo ya ulusi ili m'manja. Ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka pang'ono, chifukwa kumtunda kunkatsika anesi, ali mu yunifolomu, akuweruka kuntchito. Anesi ali ndi lilime loti amuna akuluakulu amagona chafufumimba osatsutsa akanena kuti jakisoni. Mawu awo awiri okha akanabalalitsa gulu lonselo.

Gulu linawapatukira. Wometa anawapatsa buku lachikasu mogwada, ngati akupereka mphatso. Anesi analiyang'ana, nayang'ana amuna aja, ena mwa iwo anzawo a bambo a kunyumba kwawo. Kenaka analigwetsa pansi n'kupukuta zala pa yunifolomu.

"Atelala," anatero mokweza. Sanati achemwali. "Ndiye kuti nsalu zathu mumaba n'kumakutira zonyansa zanuzi? N'chifukwa chake madiresi amatithina! Ine mabuku otere sindinagwirepo chibadwire."

Amuna aja anayamba kuvomereza ndi mitu. Akazi a abucha, amene anali atabisala kuseri kwa amuna awo, anapeza pothawira. "Inenso ndimadabwa nsalu yanga kuchepa!"

Ndinawakoka dzanja azakhali. "Nenani! Nenani za tsamba lopindidwa lija!"

"Tseka pakamwa, iwe," anandinong'oneza. Kenaka anayang'ana gulu lija. "Mabukuwa ndi anga onse. Ndimawerenga ndekha. Bwanji, pali amene ndamulakwira?"

Anawerama n'kuyamba kutola limodzilimodzi, lachikasu lija pomaliza.

Dzina la wakuba nsalu linawakanirira kuposa la mabuku. Ahedi anatumiza uthenga woti diresi yawo ibwezedwe chosasoka. Ena ankabwera ndi nsalu atayeza kale kunyumba, n'kuima pomwepo mpaka alandire kachidutswa kalikonse. Ambiri anangosamukira kwa telala wa kumsika. Lero azakhali amasoka zigamba za mathalauzi ndi kuika mazipi a zikwama. Amalume anapepesa mpaka azakhali anawauza kuti akapepesanso adzawasoka milomo. Ndi amalume sanakwiye nawo. Mvula ndi mvula, amatero.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanadzitetezere. Anati amuna a anesi ali ndi dzanja lofulumira, ndipo azakhaliwo ndi amene akhala akuwasokera anesi malaya a manja aatali nyengo yotentha, obisira mabala. Ndinati ndiye anesiwo akanangokhala chete, sakanawatchula wakuba. Azakhali anapondaponda makina, msoko n'kukhota.

Sabata yatha anesi anabwera. Anasankha masana dzuwa lili paliwombo, wometa atapita kokadya. Anaima pakhomo ndi yunifolomu yong'ambika thumba, thumba loti akanatha kusoka okha.

"Achemwali," anatero chapansipansi.

Makina anapitiriza kulira.

"Achemwali, mukudziwa mmene zinalili. Mukanakhala inu mukanatani? Ndilibe wocheza naye tsopano. Kunyumba kuja ndimangoyang'ana khoma."

Azakhali anaimitsa makina. Ndinayesa adzuka awakumbatire, kapena awagende ndi sizasi. Anangotambasula dzanja n'kulandira yunifolomu ija. Anayang'ana thumbalo mkati ndi kunja, nasankha ulusi woyera.

"Mudzaitenge mawa, mayi," anatero. "Chidutswa chikatsala mudzachipeza m'thumbamo."

Anesi anayang'ana mpando wa makasitomala. Palibe anawauza kuti akhale. Anaimabe pang'ono, kenaka anatuluka, ndipo azakhali analephera kulowetsa ulusi pa singano mpaka anandipatsa ine.