Tizitsulo pa Duku Loyera

Ntchito yokonza mabasi itawathera amuna anga ku Lusaka, tinasamukira ku Kanakantapa ndi ana, ziwiya ndi kalole kathu kokalamba kadizilo. Ine ndinalowa m'dimba. Iwo khasu linkawakana, koma kaloleko ankakasamala ngati khanda.

Chaka chachiwiri matimati anga anabereka mochititsa kaso. Atangoyamba kufiira, kalole kanafera pa msewu wochokera ku Chongwe. Maberingi anadyeka, injini inagogoda n'kuima, ndipo anachita kukakoka ndi thirakitala. Amuna anga anamasula injini yonse pansi pa mtengo wa mango, anapita ku Lusaka ndi zitsulo zofunika kupala, anabwera nazo n'kumanga. Ine poona zimenezo ndinathyola matimati onse akupsa n'kulongedza m'mabokosi, ndili ndi chikhulupiriro choti kukacha tili pa ulendo wa kumsika.

Kunacha, kalole osalira. Ndinawapeza atakhala pa chitsa, kabokosi kachitsulo kali m'manja. Ankakatchula kuti kula, ndipo ntchito yake n'kuziziritsa oyilo. Mkati mwake muli tinjira topapatiza tambirimbiri momwe chala kapena waya sizingafike. Anandiuza kuti injini ikadya maberingi, fumbi lachitsulo limakabisala mmenemo. Ukabwezera kula osayera, oyilo watsopano amatenga fumbilo n'kukalimwaza mu injini yomwe wangomanga, basi yafanso.

"Sukani chabe mubwezepo," ndinatero. "Matimati sayembekeza munthu."

"Nizasuka, amake mwana. Nipaseniko kansalu koyela."

Ndinawaponyera duku langa lakale lakukwaya. Ankathira palafini pa bowo limodzi, kutseka ndi zala, kukhutchumula mpaka mapewa kuwawa. Kenako ankapopa mpweya ndi pampu ya njinga kuchokera ku bowo linalo, palafini n'kumatsikira pa duku lomwe anakunga pakamwa pa ndowa. Akatero ankatenga dukulo kukaliyang'ana padzuwa. Poyamba linkachita kuthwanima ndi tizitsulo, ngakhale mwana akanaona. Ankalichapa, kuliyanika, n'kuyambiranso. Palafini yemweyo ankamusefa n'kumugwiritsanso ntchito, osataya ngakhale dontho.

Dzuwa linalowa, linatulukanso, iwo akadali pa chitsa. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena zimenezo sanalimepo matimati. Mabokosi apansi anayamba kudontha madzi, tintchentche n'kumazungulira. Ine ndinapsa mtima. Ndinawanena kuti akusewera ngati mwana, kuti thukuta langa likuwola iwo akutsuka kachitini. Mawu ena sindingawabwereze pano. Iwo ankangokhutchumula.

Masana ena anandiitana. Kuwotcherera zitsulo kwa zaka zambiri kunali kutawawononga maso, koma anali asanavomerepo zimenezo pamaso panga.

"Bwelani muniyanganileko," anatero. "Maso yanga siyaona tung'onotung'ono. Mukakamba kuti mulibe kanthu, nimanga manjemanje, mailo kukacha tiyenda ku tauni."

Anandipatsa duku lonyowa, iwo n'kutembenuka kukapukuta masipanala. Sanandiyang'ane n'komwe. Ndinaima padzuwa, fungo la matimati owola likundifika kuchokera pakhonde. Dukulo linkaoneka loyera ndithu. Koma nditalipendeketsa pang'ono, ndinaona tizitsulo tikuphethira apa ndi apo, tochepa kuposa mchenga. Iwo sakanationa mpang'ono pomwe.

Munthu uyu ndakhala ndikumulalatira masiku onsewa, akudziwa bwino yankho lomwe ndikulifuna, koma injini yake yonse waiika pakamwa panga. Sindinaonepo munthu wokhulupirira mnzake chotero, ndipo ndinachita nazo mantha.

"Tikalimo," ndinatero.

Anagwedeza mutu n'kuika kula pansi mwaulemu. "Ninshi iyi siizayela. Tizasakila ina." Anasamba m'manja, anavala malaya, n'kupita kwa mnansi wathu kukabwereka ngolo ndi ng'ombe zake.

M'mawa tinasankha matimati omwe anali akadali olimba. Ambiri anapita ku nkhumba, ndipo ndinalira powataya, sindibisa. Otsalawo tinakweza pa ngolo kuti tikawafikitse ku msewu wa tala, komwe tinkayembekeza kupeza galimoto zopita ku Lusaka. Mwini ng'ombe anali ndi maliro kwawo, ndiye woyendetsa anali amuna anga, munthu amene anali asanagwirepo chingwe cha ng'ombe chibadwire. Ankazilankhula mwaulemu ngati makasitomala, izo n'kumalowera kutchire. Ankathamangira kutsogolo, kuzibweza, thalauza yodzaza ndi chisoso, koma bokosi ngakhale limodzi silinagwe.

Podutsa pa tigolosale, amuna omwe ankamwa chibuku pamthunzi anayamba kuseka. Wina anakuwa kuti amakanika asintha injini, manje ili na nyanga. Amuna anga anangomwetulira n'kukweza chipewa. Ine amene dzulo lake ndinkawanena koposa pamenepo, ndinaima pakati pa msewu manja m'chiuno.

"Museka chani? Aba ni amuna anga," ndinatero. "Pali imwe palibe angawafike."

Ndinathamangira ngolo, n'kuwalanda amuna anga chikwapu, ine kuyendetsa, iwo kugwirira mabokosi.